Funsani Malume: Chinagunda usiku m'nkhalango ya ku Canada chinali chiyani?

Malume,

Ndine mnyamata wa ku Nkhotakota koma pano ndili pa sukulu ku Ottawa, ku Canada. Kumapeto kwa Meyi anzanga a m'kalasi ananditenga kukapalasa mabwato ku Algonquin, nkhalango ya boma yaikulu zedi yodzaza ndi nyanja zing'onozing'ono, tinalowera chakummawa kwake ku Achray nkupalasa pa Grand Lake mpaka tinapeza pomanga matenti, kulibe mudzi, kulibe netiweki, kulibe chilichonse. Ine bwato sindiliopa, ndinakulira kunyanja. Koma usiku umenewo ndinaopa zenizeni. Cha m'ma 10 koloko tili pamoto, nyanja ili bata, tinangomva phwaa! pafupi penipeni ngati munthu waponya chimwala m'madzi, kuwalitsa matochi osaona kanthu, timafunde tokha basi. Zinachitika kangapo. Titalowa m'matenti nde kunabwera china chosiyana, kugunda kwa pansipansi, diii... diii... kochita kumveka m'chifuwa, kenako zii, pakapita mphindi zingapo diii kachikena. Kumwamba nyenyezi zili mbee, mtambo olo umodzi. Mnzathu wina amati tipakire usiku omwewo tibwerere ku galimoto, ena anakana. Nditawafotokozera amayi pa WhatsApp akuti madzi a eni ake saseweretsa, mwina tinagona pamalo a mizimu. Kodi chinali chiyani? Anzanga akuti tipitenso mu Ogasiti, ndipite?

Mphwanu wa ku Ottawa

Aphwanga,

Pitani ndithu. Koma tiyambe tamasula zomwe munamvazo, chifukwa mmene ndikuonera ine munamva zinthu ziwiri zosiyana, mantha ndi amene anazimanga mtolo umodzi.

Phwaa uja ndi wa beaver. Pisani m'thumba muyang'ane ndalama yachitsulo ya 5 cents ya kumeneko, nyama yajambulidwapoyo ndi imeneyo. Imaoneka ngati tchenzi yonenepa, yaikulu imakwana makilogalamu 20 kapena kuposa, ndipo mchira wake ndi wophwatalala. Imayenda madzulo ndi usiku, nde ikamva fungo la anthu kapena kuona chachilendo m'mbali mwa madzi ake imamenyetsa mchirawo pamadzi mwamphamvu kuchenjeza zinzake, yokha nkumira pomwepo, ndipo imatha kukhala pansi mpaka mphindi 15. Ndiye inu pomwe mukuyatsa tochi mwini phokoso anapita kale, mwatsala ndi timafunde tija. Ikavuuka nkupeza mudakalipo imamenyanso. Siiyamba munthu, imangofuna muchoke.

Tsono diii uja, ine ndikuloza chala asilikali. Tsegulani mapu muone chomwe chagundana ndi Algonquin chakummawa: ndi kampu ya asilikali ya Petawawa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1905 ndipo kuyambira kalekale ndi malo ophunzirirako kuombera mizinga. Mpaka lero kuli gulu la asilikali a mizinga ikuluikulu ya mamilimita 155, ndipo maphunziro ena amachita usiku. Msewu omwe munadzera popita ku Achray umachokera mbali yomweyo ya matauni a Pembroke ndi Petawawa. Inu mumaona ngati muli kutali ndi dziko lonse poti foni inalibe netiweki, koma kuchoka pa Grand Lake kukafika kumalo oomberako ndi makilomita makumi ochepa chabe, ndipo kwa mzinga umenewo si mtunda ayi. Onaninso kamvekedwe kake mmene mwafotokozera: kugunda, kupuma mphindi zingapo, kugundanso chimodzimodzi. Kusunga nthawi chonchi kukufanana ndi ntchito ya anthu, ngakhale zachilengedwe zina zimateronso.

Mwina mufunsa kuti nanga masana simunamve bwanji, komanso chifukwa chiyani zimamveka ngati zili kuseri kwa tenti. Apa nkhani yake ndi mpweya. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, mpweya wapansi umazizira kuposa wam'mwamba, makamaka pamwamba pa madzi ozizira a mu Meyi. Phokoso limathamanga kwambiri mu mpweya wofunda kusiyana ndi wozizira, ndiye lija likanakwera nkukathera kumwamba limapindika nkubwereranso pansi, nkumayenda motsatira nyanja mtunda wautali osachepa mphamvu msanga. Inu a ku Nkhotakota mukuzidziwa bwino izi, mbandakucha nyanja ikagona mumamva asodzi a usipa akuitanizana ndi kugogoda bwato pomwe nyali zawo zikuoneka kutali ngati tinyenyezi, koma dzuwa likakwera mawu omwewo samafikanso kumtunda. Chinanso, mitengo ndi mpweya zimameza msanga mawu okwera, zimasiya otsika okhaokha, nchifukwa chake kuphulika kochokera kutali kumafika kopanda "phaa" wake, kumangotsala diii womveka m'chifuwa uja, ndipo khutu la munthu limavutika kudziwa komwe mawu otsika akuchokera. Onjezanipo matanthwe a m'deralo, ngati a Barron Canyon otalika mamita 100, omwe amabweza phokoso, basi mutu umangozungulira.

Pali zina zomwe zimagundanso choncho. Dera la mtsinje wa Ottawa limachita zivomezi, pa 23 Juni 2010 china champhamvu ya 5.0 chinayambira ku Val-des-Bois m'chigawo cha Quebec nkugwedeza nyumba mu Ottawa momwemo, ndipo zing'onozing'ono zosazama nthawi zina zimangomveka ngati kuphulika pansi. Abale athu a ku Karonga omwe anaona zivomezi za mu Disembala 2009 mkokomo wake amaudziwa. Koma ichi nchosavuta kutsimikiza, boma la Canada limalemba zivomezi zomwe makina ake ajambula pa tsamba la Earthquakes Canada, ndi tsiku ndi ola lomwe, nde fufuzani tsiku lanulo. Bingu ndikulichotsapo, silimveka patali kuposa makilomita 20 kawirikawiri, ndipo usiku wa mdima choncho mukanaona kung'anima kaye.

Zoona, kuli malo ena padziko komwe kugunda kotere kwamveka kwa mibadwo ndipo akatswiri sanagwirizanebe chimodzi. Ku Seneca Lake, m'chigawo cha New York ku America, amati Seneca guns, ku Bangladesh amati Barisal guns, ena amati ndi mpweya wotuluka pansi pa madzi, ena tizivomezi, ena mabingu ndi mafunde akutali. Koma zanuzi zili ndi mwini wake pafupi, musapite nazo kutali.

Amayi musawatsutse mwachipongwe. Mawu awo oti madzi a eni saseweretsa ndi olondola, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga unadumpha powerenga kalata yanu, osati pa diii paja ayi, koma pa mnzanu amene amati mupakire usiku omwewo. Anakanawo anakupulumutsani. Ku Algonquin madzi oundana pamwamba pa nyanja amasungunuka cha kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, ndiye nthawi yomwe munapitayo madzi anali akadali ozizira koopsa. Nyanja ya Malawi pamwamba pake imakhala pa madigiri 24 kupita m'mwamba, thupi lanu linazolowera zimenezo, koma m'madzi ozizira a kumeneko munthu akangogweramo mpweya umabanika nthawi yomweyo, amayamba kupuma mwabefu mosadziletsa, ndipo pakapita mphindi 10 zala ndi manja zimayamba kukanika kugwira ngakhale chingwe. Kudziwa kusambira kwa ku Nkhotakota sikuthandiza mokwanira pamenepo. Ganizirani anthu amantha, mumdima, bwato lodzaza katundu, miyala yobisika. Chonde aphwanga, phokoso likakuopsani usiku khalani pamtunda mpaka kuche.

Mu Ogasiti madzi adzakhala atafundako koma ndi nyengo ya mvula ya mabingu, mukamva kugunda uku mitambo ikuda kochezani kumtunda msanga osadikira. Jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse muli pamadzi, osati kuikhalira. Musanakhome tenti yang'anani kumwamba ngati pali mtengo wouma kapena nthambi yolendewera, chifukwa mtengo ukamagwa usiku umalira ngati mfuti ndipo umapha. Zakudya zonse, ngakhale sopo ndi mankhwala otsukira mano, muzimangirire m'mwamba pa mtengo kutali ndi pogona chifukwa nkhalango imeneyo muli zimbalangondo zakuda. Ndipo mukamalowa pageti afunseni ogwira ntchito ngati ku Petawawa akuombera sabata imeneyo, diii akabweranso mulembe ola lake ndi mbali yomwe wachokera, mudzandilembere.

Malume