Kodi Faust analembedwa chaka chiti?

Funso: Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndipo atipatsa ntchito yolemba mbiri ya sewero la Faust la Goethe, mlembi wa ku Germany. Buku lina likuti 1790, lina 1808, pa intaneti ndapeza 1832. Cholondola n'chiti?

Yankho: Achemwali, palibe buku limene lakunamizani. Goethe anakhala ndi seweroli zaka pafupifupi 60, ndiye chaka chimodzi simungachipeze.

Analiyamba cha m'ma 1772, atamaliza maphunziro a zamalamulo n'kubwerera kwawo ku Frankfurt. Chaka chomwecho mtsikana wina wa mumzindamo, Susanna Margaretha Brandt, anaphedwa ataweruzidwa kuti anapha khanda lake, ndipo akatswiri ambiri amati nkhani ya Gretchen, mtsikana wa m'seweroli amenenso akupha khanda lake, inaphukira pamenepo. Atasamukira ku Weimar mu 1775, ntchito za boma, za migodi ndi misewu, zinamutangwanitsa. Mu 1790 anangotulutsa chiduswa chothera m'tchalitchi pamene Gretchen akukomoka. Mlembi mnzake Schiller ndiye ankamuumiriza kuti alimalize, koma anamwalira mu 1805, gawo loyamba lisanatuluke mu 1808. Gawo lachiwiri Goethe analimaliza mu 1831 n'kulimata kuti lidzatuluke iye kulibe. Anamwalira mu Malichi 1832, bukulo n'kusindikizidwa chaka chomwecho.

Pali chaka china chimene simunatchule, ndipo kwa ine ndicho chokoma kuposa zonse: 1887. Zolemba zoyambirira zija zinasowa, koma mayi wina wogwira ntchito kunyumba yachifumu ku Weimar, Luise von Göchhausen, anali atazikopera pamanja. Katswiri wa zolembalemba Erich Schmidt anazipeza chaka chimenecho, ndipo masiku ano zimatchedwa Urfaust.

Apa ndi pamene pali malikisi anu. Musangondandalika zaka, chifukwa aliyense m'kalasi mwanu achita zomwezo. Tengani chochitika chomaliza, cha m'ndende, muchiwerenge m'mabuku onse awiri, Urfaust ndi la 1808. Mu Urfaust, Mephistopheles, mdyerekezi wa m'seweroli, akunena kuti Gretchen waweruzidwa, palibe womutsutsa. Mu 1808 mawu ochokera kumwamba akuyankha kuti wapulumutsidwa. Mu Urfaust chochitikachi chili m'mawu wamba, pamene mu 1808 chili m'ndakatulo. Dzifunseni chimene chinasintha mwa wolembayo pa zaka zoposa 30 kuti amuchitire chifundo mtsikana amene poyamba anamusiya wopanda womuyankhulira.

Ndipo ngati mukuwerenga lomasuliridwa m'Chingelezi, lembani dzina la womasulira ndi chaka cha bukulo. Aphunzitsi anu adzafuna kudziwa kuti ndi Faust uti amene munali naye m'manja.