Kodi shuga m'tiyi ndi ayezi padzuwa, zonse "zimasungunuka"?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Kawale, Lilongwe. Ndikanena kuti asidi wasungunuka, ana amaganiza za ayezi padzuwa. Nanga solute ndi solvent ndiziti chiyani m'Chichewa?

Yankho: Aphunzitsi, anawo sakulakwa. Mneni "sungunuka" timamugwiritsa ntchito pawiri ponse, ndipo chosiyanitsa ndi mawu otsatira: ayezi wasungunuka ndi kutentha, shuga wasungunuka m'tiyi. M'kalasi musamamusiye yekha mneniyu, muzitchula kuti chasungunuka muti.

Mayinawo, solute ine ndimati chosungunuka, solvent ndimati chosungunulira. Ka "-ir-" kameneko ndi komwe kali mu chophikira, ndipo kamaloza chida ngakhalenso malo. Madzi ndi zonse ziwiri, chida komanso malo, chifukwa sangolandira chinthu phee. Molekyulu ya madzi ili ndi mbali ya pozitivi kumene kuli haidrojeni, ndi ya negetivi kumene kuli okisijeni. Mbali zimenezi zimakoka tizidutswa ta chosungunukacho, n'kutizinga, n'kutimwaza. Viniga wa m'sitolo ndi madzi okhala ndi acetic acid pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse. Asidiyo ndiye chosungunuka, ngakhale naye ndi wamadzimadzi.

Pamene ndikupempha kuti musamale kwambiri ndi apa: "kusungunuka msanga" si "kusungunuka kwambiri". Msanga ndi nkhani ya nthawi, ndipo kuvundula kumathandiza. Kwambiri ndi nkhani ya kuchuluka. Taonani ma amino acid, amene amalumikizana kupanga mapuloteni. Onse akakhala m'madzi amakhala ndi nsonga ya pozitivi ndi ya negetivi, koma m'mamililita 100 a madzi, pa madigiri 25, glycine amasungunuka magalamu pafupifupi 25, pomwe tyrosine safika ndi magalamu 0.05 omwe. Tyrosine ali ndi chigawo chachikulu chimene madzi sachikoka bwino, ndipo molekyulu zake zimagwirana zolimba. Vundulani tsiku lonse, mlingowo sukwera. Mwana wolemba kuti "glycine amasungunuka msanga" wayankha funso lina.

Gulani malambe mumsika wa Tsoka, muwaviike m'botolo loonekera mkati ana akuona. Kuwawasa kudzamveka m'madzi onse, ndiye kuti asidi wasungunuka. Ufa wina udzayandama kenako n'kudikha pansi: umenewo wangosakanikirana ndi madzi. Auzeni alembe ziganizo zitatu, china cha "kusungunuka", china cha "kusakanikirana", china cha "kudikha".