Nkhope youma, yokoka ndi yowawa: zoti musiye kaye, ndi zoti mudzole

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mukuti nkhope yauma, ikumakoka mukangosukusula, ikusendeka m'masaya, ndipo masiku ano chilichonse chimene mwadzola chikumawawa. Mwayesa mandimu, mwayesa kukhula ndi shuga, kenako mafuta a coconut, koma zikungoipiraipira. Mukufuna zodzola zachilengedwe, zosawononganso dziko. Kwa masabata awiri kapena atatu oyambawa, ntchito yaikulu si kugula chatsopano ayi, koma kusiya zina mwa zimene mukuchitazi.

Pamwamba penipeni pa khungu pali kachigawo kopyapyala komangidwa ngati khoma. Maselo akufa ndiwo njerwa, ndipo pakati pa njerwazo pali mafuta amene thupi limapanga lokha: ma ceramide, cholesterol ndi ma fatty acid. Pafupifupi theka la mafuta amenewa ndi ma ceramide. Khomali likakhala lolimba, madzi a m'khungu sathawa msanga ndipo zoyabwitsa za kunja sizilowa. Likang'aluka, madzi amathawa, n'chifukwa chake nkhope imakoka ndi kutuwa. Chodzola chilichonse chimalowa m'ming'alumo n'kukakhudza mitsempha, ndiye ngakhale mafuta amene kale munkadzola popanda vuto lero akukulumani. Kupanikizika maganizo ndi kusagona mokwanira kumawonjezera vutoli, chifukwa mahomoni a cortisol akachuluka khungu limachepetsa kupanga mafuta aja ndipo ming'alu imachedwa kutsekeka.

Tsono taonani zimene zakhala zikugumula khomali. Khungu labwinobwino limakhala ndi asidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi: nambala yotsika ndi asidi wambiri, yokwera ndi alkali) imakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5. Sopo wamba wolimba ali pa 9 kapena 10, ndipo izi zili choncho ngakhale kwa sopo wopangidwa pamanja wolembedwa kuti ndi wachilengedwe, chifukwa onsewa amapangidwa ndi mafuta osakaniza ndi mankhwala aukali a alkali. Soda ali cha pa 8. Madzi a mandimu ali cha pa 2, aukali kwambiri kuposa mmene khungu lingapiririre. Mandimu alinso ndi vuto lina loopsa: muli mankhwala otchedwa furocoumarin amene akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu, nthawi zina mpaka matuza, n'kusiya mabanga akuda otha miyezi asanachoke. Pa khungu lakuda mabanga otere amaonekera kwambiri ndipo amachedwa kuzimirira. Shuga, mchere ndi khofi wogaya zili ndi timakona takuthwa timene timakanda khungu. Kusalala kumene mumamva mukangokhula kuja n'kwa tsiku limodzi. Mawa lake kusendeka kumabwerera kochuluka, chifukwa mwachotsa njerwa zomwe zinatsala. Zonsezi zisiyeni lero lomwe.

Kasukusulidwe kasinthe. M'mawa madzi okha ofunda pang'ono akwanira. Madzi otentha amasungunula mafuta a khungu monga mmene amachitira ndi mafuta a pa mbale. Madzulo, kamodzi kokha, gwiritsani ntchito chotsukira chofewa chosatulutsa thovu lambiri, chopanda fungo lowonjezera. Pa chizindikiro yang'anani pH 5.5, kapena mayina ngati coco-glucoside ndi decyl glucoside, omwe amachokera ku shuga ndi mafuta a zomera ndipo amawola msanga akalowa m'madzi otayidwa. Mukaona sodium lauryl sulfate pafupi ndi poyambira pa mndandanda wa zimene zili m'botolomo, chibwezereni. Sisitani ndi nsonga za zala kwa theka la mphindi, tsukuluzani, kenako gundani nkhope pang'onopang'ono ndi thawulo lofewa, osapukuta mokhula. Mukatha kusukusula nkhope n'kumakoka, dziwani kuti chotsukiracho n'chaukali kwa inu, kaya chalembedwa zotani.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amadikira nkhope iume gwa kenako n'kudzola mafuta. Mafuta alibe madzi, ndipo sapereka madzi. Ntchito yawo ndi kufewetsa ndi kutsekera madzi amene alipo kale. Mukadzola pa nkhope youma, mudzangonyezimira kunja koma mkati mukukokabe. Ndiye dzolani nkhope ikadali yachinyezi, pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo tsatirani dongosolo ili. Choyamba ndi chokoka madzi. Glycerine wa zomera ndiye wodalirika kuposa zonse, koma asadzoledwe yekha, chifukwa amamata ndipo amatha kuwawa pa khungu losweka. Donthezani dontho limodzi m'dzanja lonyowa, pafupifupi dontho limodzi pa madontho khumi a madzi, pakani manja awiri pamodzi, n'kusindikiza kumaso. Chachiwiri ndi mafuta, madontho atatu kapena anayi basi. Chachitatu, usiku wokha ndiponso pamalo ouma kwambiri okha, ndi chotsekera cholemera monga shea butter (mafuta olimba a njere za mtengo wa shea), kukula kwake ngati njere ya nyemba, mutaisungunula kaye m'manja.

Pa nkhani ya mafuta ndiime pang'ono, chifukwa si onse ochokera ku zomera amene ali abwino kumaso. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Sheffield ku England anafalitsa zimene anapeza atayerekeza mafuta a olive ndi a mpendadzuwa pa khungu la anthu akuluakulu kwa masabata angapo. Mafuta a olive anafooketsa khoma lija ndi kuyambitsa kufiira, pomwe a mpendadzuwa analisunga bwino n'kuwonjezera chinyezi. Kusiyana kwake kuli pa mtundu wa asidi. A olive ali ndi oleic acid wambiri, amene amalowa pakati pa njerwa n'kusokoneza mafuta a pamenepo. A mpendadzuwa ali ndi linoleic acid wambiri, amene khungu limagwiritsa ntchito popanga ma ceramide ena. Chenjerani kokha kuti pali mpendadzuwa wina wolembedwa kuti high oleic; amenewo si amene tikunena. Jojoba ndi wabwino kwambiri kwa amene amatuluka ziphuphu, chifukwa kwenikweni ndi phula lamadzimadzi lofanana ndi mafuta a khungu la munthu, ndipo sawonongeka msanga. Squalane ndi wopepuka ndipo kawirikawiri sayabwitsa, koma onani kuti walembedwa kuti ndi wa nzimbe kapena wa olive, chifukwa wina amachokera ku chiwindi cha nsomba za shaki. Mafuta a rosehip, ochokera ku njere za duwa la rozi, amathandiza, koma amavunda msanga. Gulani kabotolo kakang'ono kakuda, sungani mufiriji, ndipo fungo likangosintha tayani. Mafuta ovunda amayabwitsa khungu. A coconut aja asiyireni miyendo, manja ndi tsitsi. Kumaso amatseka timabowo ta khungu mwa anthu ambiri n'kubweretsa tiziphuphu tating'onoting'ono.

Ndinenenso mosabisa kuti mafuta a zomera okha nthawi zina sakwanira. Ngati pakatha masabata awiri nkhope ikukokabe, onjezani kirimu wopanda fungo wokhala ndi glycerine ndi ma ceramide. Ndipo petroleum jelly (monga Vaseline), ngakhale amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndiye amatsekera madzi kuposa china chilichonse, kupitirira 98 peresenti, komanso sayabwitsa pafupifupi aliyense. Ngati m'makona mwa milomo kapena m'masaya mwang'aluka, kachidutswa kakang'ono kwa masiku ochepa si tchimo. Ngati simukumufuna n'komwe, pangani chanu: magalamu 10 a phula la njuchi ndi magalamu 40 a mafuta a mpendadzuwa kapena jojoba. Ikani m'kambale kouma, khazikani kambaleko pamwamba pa madzi otentha mpaka phula lisungunuke, takasani, thirani m'kabotolo koyera kouma. Chifukwa mulibe madzi, chimakhala miyezi ingapo, malinga muzitapa ndi kasupuni kouma, osati chala chonyowa.

Zopanga nokha zokhala ndi madzi ndi nkhani ina. Chilichonse chosakaniza ndi madzi, kaya ndi aloe vera wodula kumene, kaya ndi glycerine wothira m'botolo la madzi, chimayamba kuswa tizilombo ndi nguwi pakangotha masiku ochepa, ngakhale maso asanaone kanthu. Pa khungu long'aluka zimenezi zimabweretsa matenda. Pangani chokwanira tsiku lomwelo, chotsala tayani. Aloe vera mukadula, imikani tsambalo kwa mphindi 15 kuti utomoni wachikasu utsike, chifukwa utomoniwo umayabwitsa. Gwiritsani ntchito zoyera za mkati zokha.

Chopaka chimodzi chimene ndingakulimbikitseni ndi oats, mbewu yonga tirigu yophikira phala. Bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linavomereza mu 2003 kuti oats wopera mosalala ndi choteteza khungu, ndipo muli mankhwala otchedwa avenanthramide amene amachepetsa kuyabwa. Tengani wopanda shuga ndi zokometsera, perani mpaka akhale ufa wosalala. Kuti mudziwe ngati wapereka bwino, thirani supuni yaing'ono m'tambula ya madzi ofunda: madzi asanduke ngati mkaka, osati ufa kukhala pansi. Sakanizani supuni imodzi yaikulu ndi masupuni awiri a madzi, pakani, dikirani mphindi khumi, tsukuluzani asanaume, osakhula. Kawiri pa sabata n'kokwanira.

Tsono za fungo. Mafuta onunkhira otchedwa essential oil, monga lavender, tea tree, peppermint ndi a zipatso za mtundu wa malalanje, ndi achilengedwe ndithu, koma ali m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa kwambiri ziwengo pa khungu. Muli linalool ndi limonene, zimene zikakumana ndi mpweya zimasanduka zoyabwitsa kwambiri. Ku European Union malamulo amakakamiza opanga kulemba mayina amenewa pa chizindikiro pa chifukwa chomwechi. Nkhope ikadali yowawa, pewani chilichonse chonunkhira. Yang'anani mawu akuti fragrance-free. Akuti unscented nthawi zina amatanthauza kuti anathiramo china chobisa fungo. Chatsopano chilichonse chiyeseni kaye mkati mwa chigongono, kawiri pa tsiku kwa masiku 7 mpaka 10, ndipo muziyamba chimodzichimodzi. Mukayamba zitatu pamodzi nkhope n'kutupa, simudzadziwa chimene chalakwa.

Dzuwa limaumitsa khungu ndi kudetsa mabanga, ngakhale kwa munthu wakhungu lakuda. Palibe mafuta a zomera amene amateteza mokwanira, ndipo musayese kupanga nokha choteteza ku dzuwa, chifukwa ufa wa zinc sugawika mofanana popanda makina. Kwa khungu lowawa, chokhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu yotchinga dzuwa), ndicho sichiluma kwenikweni. SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha dzuwa chowotcha khungu chotchedwa UVB, koma pokhapokha mwadzola chokwanira, mizere iwiri kutalika kwa zala ziwiri pa nkhope ndi khosi. Ngati chikukusiyani mbuu, funani chothiridwa mtundu ndi iron oxide. Ku Hawaii, zilumba za dziko la America, analetsa kugulitsa zoteteza ku dzuwa zokhala ndi oxybenzone ndi octinoxate kuyambira 2021 pofuna kuteteza zamoyo za m'nyanja, ndiye apa zokomera khungu lanu ndi zokomera chilengedwe zagwirizana.

Pa kusamala dziko, musadalire mawu akuti natural kapena chithunzi cha tsamba pa botolo; m'mayiko ambiri aliyense angalembe zimenezo. Zizindikiro monga COSMOS, Ecocert ndi NATRUE zili ndi malamulo amene amafufuzidwa, ndipo RSPO imaonetsa mafuta a kanjedza olimidwa motsatira malamulo oteteza nkhalango. Mukaona polyethylene pa chokhulira nkhope, amenewo ndi timikanda ta pulasitiki timene timadutsa m'zosefera n'kukadyedwa ndi nsomba; America inaletsa ndi lamulo la 2015, Britain mu 2018. Tinsalu tonyowa topukutira kumaso totaya nthawi yomweyo tambiri tili ndi pulasitiki, ndipo timasiya mankhwala otsukira pa khungu. Tinsalu tathonje tofewa tochapa tikatha ntchito n'tabwino kwa nkhope komanso kwa mitsinje. Koma chachikulu kuposa zonse ndi kuchuluka kwa zimene mukugula. Zinthu zinayi, chotsukira, glycerine kapena kirimu, mafuta amodzi ndi choteteza ku dzuwa, zogwiritsidwa ntchito mpaka kutha, zimawononga pang'ono kuposa mabotolo khumi okongola otayidwa ali theka. Onani kachizindikiro ka botolo lotsegula kolembedwa 6M kapena 12M. Ndiyo miyezi imene chinthucho chimakhala chabwino mukachitsegula, ndiye gulani kukula kumene mungamalize.

Kuwawa kumayamba kuchepa pakatha masiku angapo, koma khungu limatenga pafupifupi masabata anayi kuti lisinthe maselo ake, ndiye musaweruze msanga. Pali zina komabe zimene mafuta sangathetse. Ngati kusendekako kuli m'mbali mwa mphuno, m'nsidze ndi m'mphepete mwa tsitsi, kooneka konyezimira mafuta kapena kwachikasu, mwina ndi seborrhoeic dermatitis, yoyamba ndi kafangasi kotchedwa Malassezia kamene kamadya mafuta. Pamenepo mafuta ambiri a zomera amangokuza vutolo, ndipo pamafunika mankhwala a fangasi. Ngati munadzolapo mafuta oyeretsa khungu kapena kirimu wokhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol kapena betamethasone kwa nthawi yaitali, khungu limapyapyala, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kutentha ndi ziphuphu zambiri. Kaonaneni ndi dokotala kuti akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono, ndipo tengani botololo akalione. Chimodzimodzinso ngati pakutuluka madzi, pali nkhanambo zachikasu, zikope zatupa, kapena mwachita zonsezi kwa mwezi wathunthu popanda kusintha. Kumbukirani kuti pa khungu lakuda kutupa sikuoneka kofiira kawirikawiri. Kumaoneka kodera, kotuwa kapena kofiirira, ndiye muuzeni dokotala za kuyabwa ndi kutentha kumene mukumva, osangodalira mtundu umene ukuoneka.