ThinkPad yakale ija ingadzuke, koma musathamangire kugula zida

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wogwira ntchito ya m'dimba ku Randburg. Akuti abwana ake posamuka anamupatsa laputopu yakuda yolembedwa ThinkPad T60, yomwe inagona m'galaja zaka zambiri, chaja palibe. Anzake akuti akangoigulitsa kwa a sikirapu, koma iye mtima ukukana. Funso lake ndi lakuti, "Kodi ingadzukenso? Nanga ndiyambe kugula chiyani?"

Achimwene, zikomo polemba. Mwapeza makina abwino. T60 inatuluka mu 2006, patangopita chaka Lenovo itagula nthambi ya makompyuta ya IBM, ndipo n'chifukwa chake zambiri mwa izo zili ndi chizindikiro cha IBM pakona. Inapangidwa moti munthu atha kuimasula ndi sikuludiraiva wamba, ndipo buku lake lokonzera, Hardware Maintenance Manual, likupezeka ulere pa intaneti ndi zithunzi za sikuluwu iliyonse. Koma pempho langa ndi limodzi: musatulutse ngakhale randi imodzi musanaione ikuyaka.

Yambani ndi kubwereka chaja. T60 imafuna ya 20V ya pulagi yozungulira, ija ya mphete yachikasu. Musaikakamize ya 16V ya ma ThinkPad akale kuposa iyi. Okonza makompyuta a m'tauni kapena ku Fordsburg ambiri amalola kuti muyesere pomwepo mukawapempha mwaulemu. Chotsani batire lalikulu kaye, lumikizani chaja, yatsani, ndipo chizindikiro chikangooneka dinani F1 kuti mulowe mu BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa makina imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amalira pamenepa. M'kati muli kabatire kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kokutidwa ndi pulasitiki kokhala ndi timawaya tiwiri. Ndi kamene kamasunga tsiku ndi nthawi. Kakafa, makina amalemba 0271 n'kukupemphani kukonza tsiku. Zimenezo si vuto. Vuto limabwera ngati mwini wake woyamba anaika pasiwedi yaikulu ya BIOS, imene amati supervisor. Pa ThinkPad pasiwedi imeneyi sifufutika mukachotsa kabatire, chifukwa imakhala m'kachipangizo kena pa bolodi, mbale yaikulu ya zamagetsi ya m'kati mwa makina. Ndiye mukachotsa kabatire, tsiku limasokonekera, makina n'kufuna pasiwedi yomwe simuidziwa, basi mwadzitsekera panja. Mukaona kachithunzi ka loko pa sikirini, imani pomwepo, funsani abwana aja pasiwediyo pamene nambala yawo ikadali m'foni mwanu. Ndipo powafunsapo, auzeni kuti hard disk yakale, chosungira mafayilo cha makinawa, mudzawabwezera, chifukwa mwina muli zithunzi za ana awo.

Ikakulolani kulowa mu BIOS, tsopano ndi nthawi yoisambitsa. Tengani thireyi ya mazira muziikamo masikuluwu, chibowo chilichonse a malo amodzi, chifukwa amasiyana kutalika ndipo yaitali ikalowa posayenera imaboola bolodi. Chotsani potsamira manja, kenako kiyibodi, mosamala ndi kachingwe kake kopyapyala. Fani mudzaipeza kumanzere. Laputopu yoyamba yomwe ndinatsegula, m'chipinda changa ku Rosettenville, inali ndi fumbi logwirana ngati kabulangete pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya; ndinalisolola ndi chotokosera m'mano likutuluka lathunthu. Fumbi la kuno ku Joni, makamaka la mphepo ya mu Ogasiti, sililekerera makina. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, muipukute ndi mswachi wouma. Phala lotuwa lija la pa purosesa (bongo wa makina), thermal paste, lidzakhala litauma ngati chikhoko cha mumphika. Lipukuteni ndi kansalu konyowetsa mu isopropyl alcohol, muikepo latsopano lochuluka ngati njere ya mpunga basi.

Mukatero ndiye tikambe zogula. Choyamba ndi SSD, chosungira mafayilo chachangu cholowa m'malo mwa hard disk, ya polumikizira pa mtundu wa SATA, ya mainchesi 2.5. Hard disk yakale imatuluka m'mbali mukamasula sikuluwu imodzi yokha. Gulani SSD yotchipa, chifukwa T60 imayenda pa SATA yoyambirira, yosapitirira pafupifupi 150MB pa sekondi, ndiye yodula ingokudyerani ndalama. Ngakhale zili choncho, kusintha kwake mudzakumva tsiku lomwelo. Chachiwiri RAM, posungira zimene makina akugwira pa nthawi imeneyo. Ndi DDR2 ya laputopu, malo ake ndi awiri pansi pa potsamira manja, koma makinawa amangoona 3GB ngakhale muike 4GB. Wogulitsa akakuuzani kuti mugule yoposa pamenepo, mukaneni.

Batire lalikulu ine ndimalisiya pomaliza. Atsopano osakhala a kampani amabwera ena abwino ena achabechabe, ndipo lakale likakhala lotupa kapena likutentha musalisunge m'nyumba. Koma ndi kuthimathima kwa magetsi komanso mphenzi za dzinja lino, batire logwira ngakhale ola limodzi ndi pulagi yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu n'zothandiza.

Windows XP yomwe mwina ili m'menemo inasiya kulandira chitetezo mu 2014, choncho musalowe nayo pa intaneti, makamaka ku banki kapena potumiza ndalama kumudzi. M'malo mwake muikemo Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta. Kuti mudziwe mtundu woyenera, onani dzina la purosesa mu BIOS. Ikakhala Core Duo, monga T2400, ndi ya 32-bit, ndipo antiX Linux ikali nayo mtundu woyenera. Ikakhala Core 2 Duo, monga T7200, mungasankhe pa mitundu yambiri ya Linux yopepuka.

Ndikuuzeni zoona, YouTube idzaivutitsa, ndipo mukatsegula masamba ambiri idzapuma wefuwefu. Koma polemba makalata, kusunga maakaunti a chipereganyu kapena kuphunzitsa mwana kutaipa, kiyibodi yake ya mizere 7 ndi yokoma m'zala kuposa za laputopu zambiri za masiku ano. Magetsi akathima usiku, dinani Fn ndi PgUp pamodzi: kanyali kakang'ono pamwamba pa sikirini kadzaunikira mabatani onse. Mukafika mu BIOS, mundijambulire sikiriniyo ndione purosesa yake, ndiponso ngati kuwala kwake kwayamba kufiira, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti nyali ya kuseri kwa sikirini yatopa.