Yankho kwa a malume pa nkhani ya kamshafti ija

Eee a malume, mwaswera bwanji kumeneko, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pansi pa galimoto manja onse girisi yekhayekha ndiye ndangoti ndilankhule basi, zolemba zinditengera chaka. Funso lanu ndaliona, mukuti anthu aja mu vidiyo ndinaponya pa gulupu ija akukanganiranji za kamshafti ndi matapeti, zitsulo zija zimatsegula mavalavu mu injini, pomwe mpikisano wake amati ndi wa magalimoto a stock, oti sanasinthidwe kanthu. Ndinaseka ndekha, chifukwa mkangano wonse wagona pomwe mwafunsapo.

Mpikisano wake ndi wa NHRA, bungwe lija linayamba 1951 kuno ku America, amathamanga mzere woongoka kota ya mailo, mamita 402 basi, awiriawiri. Ndiye mu gulu la Stock Eliminator amatenga kulemera kwa galimoto kugawa ndi mahosipawa amene bungwelo lalemba kuti injini imeneyo ili nawo, chotulukacho nchimene chimakuika mu kalasi yako. Kabureta ikhale ya mtundu womwe inabwera nawo, mahedi akhale a nambala yake, matayala akumbuyo asapose mainchi 9. Koma a malume musanamizike ndi dzinalo, galimoto zimenezi kunja zimaoneka ngati za agogo zopitira ku tchalitchi, ikangonyamuka matayala akutsogolo ali m'mwamba.

Tsono pa kamshafti lamulo lake ndi lomwe limasokoneza anthu. Lifti, kutanthauza kuti valavu ikutsika mozama bwanji, imeneyo isapose ya ku fakitale, amayeza ndithu ndi geji. Koma nthawi yomwe valavu ikhale chitsegukire, imeneyo anaimasula kalekale, chita zomwe ukufuna. Ndiye mukudziwa anthu a mipikisano, ukawatsekera khomo amalowera pawindo. Anayamba kusema ma lobe, timapiri ta pa kamshafti tomwe timakankha tapeti tija, oti valavu imatseguka mwa mbama, kukhala pamwamba nthawi yaitali, kenako kutsekeka mwa mbamanso, lobe yake ukaiona ili ngati ya makona, osati ya dzira ija munazolowera inu pa ma Peugeot ndi ma Land Rover munkakonza aja. Kuti valavu isamadumphe pa ma rev okwera ndiye pafunika masipuling'i olimba koopsa, ndipo mphamvu yonseyo ikutsikira pa kamalo kang'onong'ono pomwe tapeti yakhudzana ndi lobe.

Apa ndi pomwe pali matapeti amitundu iwiri. Akale aja ndi a fulati, chitsulo kukhuzana ndi chitsulo, ndipo inu mukudziwa kuti pansi pake si pafulati kwenikweni, pamakhala potukuka pang'ono ndipo lobe nayo ndi yopendekeka pang'ono kuti tapeti izizungulira ikamagwira ntchito. Ikangosiya kuzungulira basi yatha, imadyeka. Enawo ndi a rola, pansi pali kawilo kamene kamangogudubuzika pa lobe. Ford anaika a rola mu Mustang ya 5.0 mu 1985, Chevrolet anatsatira mu 1987 pa magalimoto ang'onoang'ono a V8. Ndiye lamulo lomwe akukanganirana mu vidiyomo ndi loti galimoto yako ikakhala inabwera ndi a fulati, uthamanga ndi a fulati omwewo. Anthu a magalimoto akale a Chevrolet ngati Camaro ya 1969 kapena Chevelle ndi amene akulira kuti tiloleni nafe tiike a rola.

Ndipotu kulira kwawo nkomveka, ine ndinaona ndi maso angawa. Mnzanga wina wa ku galaja kuno, mdala ndithu wa imvi, ali ndi Chevrolet Nova yakale, ndinamuthandiza kumanga injini miyezi yozizira ija. Tinapaka mafuta akuda aja pa lobe iliyonse, tinachotsa masipuling'i amkati kuti kamshafti iyambe yazolowera, tinailiza pa ma rev 2,500 kwa mphindi 20 monga mwa mwambo wake, zonse mwa buku. Titadula fyuluta ya oilo kuti tione, a malume, mkati monse mukungonyezimira ngati mwathiridwa ufa wa siliva. Lobe imodzi inali itadyeka, tapeti yake pansi yakumbika ngati supuni. Ndipo si kungosintha kamshafti ayi, zitsulo zija zayenda injini yonse, mabering'i, pampu ya oilo, kumasula zonse kutsuka kuyambiranso. Mdala uja anangokhala pa chigubu osayankhula, ine mpaka ndinasowa poyang'ana.

Chimodzi chomwe chinabweretsa vutoli ndi oilo. Kale oilo amakhala ndi zinki ndi fosiforasi wambiri, amati ZDDP, ndi amene amateteza pokhuzana paja. Anamuchepetsa chifukwa fosiforasi amaononga catalytic converter, kachipangizo kotsuka utsi mu ekizosi kaja, pofika 2004 oilo wamba wa magalimoto ang'onoang'ono anamuika malire a fosiforasi, asapose 800 ppm, kutanthauza magawo 800 pa miliyoni. Oilo wa mipikisano wa zinki wambiri alipo inde, koma china nchoti mafakitale a magalimoto anasiya matapeti a fulati, ndiye opanga abwino anachepa. Alipo ena apamwamba, a chitsulo cholimba okutidwa mwapadera, koma mtengo wake eee, umafunika ukhale pansi kaye asanakuuze.

Koma mbali inayo nayonso sikuti ikuyankhula zopanda mutu. Iwo akuti rola si nkhani yongoteteza injini, rola imalola lobe yolusa kuposa, valavu kutseguka msanga zedi lifti ili yomweyo, ndiye mahosipawa akwera. Amene ali ndi ndalama agula tsiku lomwelo, amene alibe akakamizika kutsatira, chifukwa mukakumana awiri a kalasi imodzi palibe zopatsana mpata, mumanyamukira limodzi woyamba kufika wawina. Ndiye munthu amene wakhala zaka 20 akusakasaka kamshafti ya fulati yomwe imagwirizana ndi injini yake, nzeru zake zonse zija zingotayika ndi chikalata chimodzi.

Palinso kena kamene kanandisangalatsa nditakamva, inu mukakonda. Tapeti ya fulati ikakhala yotambalala imalola lobe yothamanga. Ya Chevrolet ndi inchi 0.842, ya Ford 0.875, ya Chrysler 0.904. Ndiye anyamata a Dodge ndi Plymouth, magalimoto a Chrysler, akhala akudyerera kakusiyana kameneko mwakachetechete, mukalola rola kwa aliyense mwayi wawo uja wachepa. Mukamva munthu akukuwa kuti tisunge mwambo wa stock, muyambe mwafunsa kuti kodi iyeyo amayendetsa chani, hahaha.

Ine maganizo anga, poti mwafunsa, awalole a rola koma lifti isasinthe, ndipo amene waika rola amuonjezere mahosipawa pa pepala kuti anyamule kulemera koonjezera kapena akwere kalasi. Njira yake ilipo kale, ali ndi dongosolo amati AHFS, injini ya mtundu wina ikamathamanga mopitirira amaionjezera mahosipawa. Zoti stock ikhale stock zinapita tsiku lomwe anamasula nthawi ya valavu ija, panopa mu gulu lomwelo muli ma Mustang Cobra Jet ndi ma COPO Camaro opangidwira mpikisano kuchokera ku fakitale, ndiye kumuuza mdala wa Nova kuti iweyo ndiye usunge mwambo, aaa ine sizindilowa. Ngakhale ndikanena zimenezi ku galaja mnzathu wina wa Dodge amandiyang'ana ngati ndamubera nkhuku.

Ndipo a malume mukanaona ku Indianapolis pa US Nationals, mpikisano waukulu wa NHRA, imachitika kumapeto kwa Ogasiti kulowa Seputembala, ife kuchokera kuno ku South Bend ndi ulendo wa maola osakwana atatu. Ena akathamanga bwino amawaitana kuti masula injini tiyeze, munthu kumasula hedi pompo injini isanazizire bwinobwino, oyeza ali chilili ndi geji yawo. Ndinakumbuka inu muja munkatchunira matapeti ndi filageji pansi pa mtengo wa mango, ine nditagwira tochi mukundikalipira kuti ndikuunikira kolakwika. Tapeti yodyeka ija ndinaisunga ili mu bokosi la zipangizo, ndiijambula mawa ndiponye pa gulupu muione nokha. Apatseni moni azakhali, bwana akundiitana apa.