Kwa achemwali amene mukufuna kukaphunzira Chijapani

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwakhoza bwino MSCE, mtima wanu uli pa chilankhulo ndi chikhalidwe cha ku Japan, koma kunyumba akukufunsani kuti digiri yotereyi mudzadya nayo chiyani, ndiponso simukudziwa poyambira. Ine ndinaphunzira komweko, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Ndiyambe ndi chimene chinandidabwitsa: pakamwa pathu pamagwirizana ndi Chijapani. Mavawelo awo ndi asanu ngati athu, a, i, u, e, o, ndipo pafupifupi mawu onse amathera pa vawelo. Phiri amati yama, nsomba sakana, madzi mizu (inde, mizu, ngati ya mtengo). Sasiyanitsa l ndi r monganso ife. Ngakhale kukweza ndi kutsitsa mawu kuli ngati kwathu: hashi akhoza kukhala mlatho kapena timitengo todyera, malinga ndi katchulidwe, monga mmene ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Ife timati kunali zii, iwo amati shiin. Mvula yamphamvu kwa iwo imagwa zaa zaa, mtima umagunda doki doki. Anzanga a ku Ulaya mawu oterewa ankawaloweza movutikira, pamene ine ndinkangomva ngati ndili kumudzi.

Ulemunso sudzakuvutani kuumvetsa. Mwana wakwathu amadziwa kale kuti munthu wamkulu sumunena kuti wafa, umati atisiya. Ku Japan ulemu wa m'malankhulidwe amautcha keigo, ndipo umasintha mneni weniweniwo. Kudya ndi taberu, koma akamadya aphunzitsi ako umati meshiagaru, ukamanena za iwe mwini modzichepetsa umati itadaku. Malamulo ake ndi ambiri, koma chifukwa chake mumachidziwa kuyambira ubwana.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa zolemba, ndipo apa ndikupemphani mundimvetse. Chijapani chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo: hiragana ili ndi zilembo 46, katakana 46, ndipo zimenezi mukhoza kuzigwira m'milungu yochepa. Kenako pamabwera kanji, zilembo zochokera ku China. Mndandanda wa boma wa kanji zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku uli ndi zilembo 2,136, ndipo mwana wa ku Japan amamaliza pulayimale atadziwa 1,026, ataziphunzira zaka zisanu ndi chimodzi. Chilembo chimodzi chimawerengedwa mosiyanasiyana. M'mawu oti Lamulungu, 日曜日, chilembo cha dzuwa chikupezeka kawiri, koyamba chikuwerengedwa nichi, komaliza bi. Miyezi yanga yoyamba ndinkatha kucheza ndi anthu m'sitolo, koma kalata ya inshuwalansi ya zaumoyo yochokera ku ofesi ya mzinda inakhala pa tebulo masiku angapo mpaka mnzanga anandiwerengera. Zinandiwawa kwambiri kukhala munthu wamkulu wosatha kuwerenga kalata yake. Amene anafika atayamba kale kanji kwawo anatisiya kutali, ndipo ena sitinawapezenso.

Tsopano njira zopitira. Yodalirika kwambiri ndi sikolashipu ya boma la Japan yotchedwa MEXT, imene mumafunsira kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Chilengezo chake chimatuluka cha mu Epulo kapena Meyi, ndiye muziyang'ana tsamba lawo la pa intaneti ndi kuwerenga bwino magulu amene atsegula chaka chimenecho. Pali mayeso olemba ndi kufunsidwa mafunso pamaso. Opambana a digiri yoyamba amayamba ndi chaka chathunthu cha chilankhulo ku Tokyo University of Foreign Studies kapena ku Osaka University, kenako n'kupita ku yunivesite yawo. Boma limalipira fizi, tikiti ya ndege ndi ndalama za mwezi ndi mwezi. Chenjerani ndi gulu lotchedwa Japanese Studies: dzina lake likukopani, koma ndi la chaka chimodzi, la anthu amene ali kale pa yunivesite ina akuphunzira Chijapani. Palinso sikolashipu ya ABE Initiative, imene inalengezedwa mu 2013 pa msonkhano wa Japan ndi mayiko a mu Africa wotchedwa TICAD ku Yokohama, koma imeneyo ndi ya digiri yachiwiri, yophunzitsidwa m'Chingerezi.

Podzilipirira, mayunivesite ambiri aboma ku Japan amalipiritsa mayeni (ndalama za ku Japan) 535,800 pa chaka, kuwonjezera mayeni 282,000 olowera. Ritsumeikan Asia Pacific University ku Beppu, imene inatsegulidwa mu 2000, ili ndi ophunzira ambiri akunja ndipo imalandira munthu woyamba ndi Chingerezi. Ku Britain, SOAS ku London, Leeds ndi Sheffield amaphunzitsa Chijapani zaka zinayi, chimodzi mwa izo umakakhala ku Japan, koma fizi ya mlendo ndi yolemera zedi. Mu Africa muno, Cairo University yakhala ikuphunzitsa Chijapani kuyambira mu 1974.

Wina akakuuzani kuti mungolipira za ulendo, zina zonse mukapeza ndi ganyu, musamumvere. Wophunzira wakunja amaloledwa kugwira ntchito maola 28 okha pa mlungu sukulu ikakhala yotsegula, ndiponso ayenera kukhala ndi chilolezo. Ndinaona anyamata a mayiko ena akugona m'kalasi chifukwa chogwira ntchito usiku kuti abweze ngongole, Chijapani chimene anabwerera osachigwira.

Za funso la makolo anu, sakulakwitsa kufunsa. Ntchito zofuna Chijapani chokha kwathu kuno n'zochepa. Koma ubale ulipo: Japan yakhala ikutumiza anthu ongodzipereka ku Malawi kuyambira mu 1971, masiku ano kudzera ku bungwe lake la chitukuko la JICA, ndipo magalimoto ambiri a m'misewu yathu ndi ogula ku Japan. Amene amapindula ndi amene Chijapani anachiphatikiza ndi luso lina, monga zachuma, zaulimi, zamakompyuta kapena ubale wa mayiko. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha digiri yondilola kutenga ziwiri. Makampani a ku Japan amayang'ana satifiketi ya mayeso a Chijapani otchedwa JLPT, amene amayambira pa N5 (osavuta) kukafika pa N1 (ovuta kwambiri), ndipo ambiri amafuna N2 kapena N1. Mayesowa amalembedwa mu Julayi ndi Disembala, ndipo amayesa kuwerenga ndi kumva basi, kulankhula mulibe. Ndiye mwaonanso chifukwa chake ndikulimbikira za kanji.

Chikhalidwe simudzachiphunzira kwambiri m'kalasi ngati mmene mudzachiphunzirire potaya zinyalala, chifukwa zowotcha, mabotolo ndi zitini zili ndi tsiku lakelake, ndipo anansi amaona. Mudzachiphunzira tsiku limene mnzanu adzayankhe kuti chotto, ndiye kuti pang'ono, inu n'kumadikira, kenako n'kuzindikira kuti wakana mwaulemu. Kusungulumwa kuliko, makamaka nyengo yachisanu, pakuti anthu sangofika pakhomo n'odi ngati kwathu. Ine chinandithandiza n'kulowa kagulu ka ophunzira koimba, kumene ndinapeza ondiwongolera Chijapani mosandichititsa manyazi.

Chaka cha sukulu ku Japan chimayamba mu Epulo, ndipo kuchokera pofunsira MEXT mpaka kunyamuka pamadutsa pafupifupi chaka. Nthawi imeneyo musaitaye. Japan Foundation ili ndi maphunziro aulere pa intaneti otchedwa Minato, ndipo wailesi ya ku Japan ya NHK imalemba nkhani m'Chijapani chosavuta. Gulani kope la masamu la timabokosi, mlungu uno muyambe hiragana, kenako kanji zisanu tsiku lililonse, kuzilemba ndi dzanja motsatira dongosolo la mizere yake. Mukafika polemba kalata yofotokoza cholinga chanu cha maphunziro, ilembeni nokha, mukamaliza mundiuze ndidzakuwerengereni.