TB inatha, nanga makhololo obiriwirawa akuchokera kuti?

Mayi wina wa ku Chawama mu Lusaka wanditumizira imelo. Akuti bambo awo anamaliza mankhwala a TB zaka zitatu zapitazo, koma m'mawa uliwonse amatsokomola mpaka makhololo obiriwira kufika theka la kapu. Ku kiliniki anawayeza kawiri ndi makina oyezera TB otchedwa GeneXpert, TB osapezeka. Ndiye akufunsa: chikuwadya bambowo n'chiyani?

Amayi, TB ikachoka imasiya zipsera. Kwa ena timachubu ta mpweya timatsala totutumuka, ndipo makhololo amadikha m'menemo ngati madzi a m'ngalande za ku Kanyama m'dzinja. Madokotala amati bronchiectasis. Makhololo odikhawo ndi munda wa mabakiteriya, pamene GeneXpert imasaka kachilombo ka TB kokha. Enawo imangowadutsa.

Kale anthu ankakhulupirira kuti m'mapapo a munthu wathanzi mulibe kachilombo ngakhale kamodzi. Cha m'ma 2010, kuyeza kwa DNA kunaonetsa kuti alimo, amitundumitundu, ochepa, okhalirana bwino. Matenda akamakula mitunduyo imachepa, umodzi n'kulanda nyumba yonse. Kawirikawiri amakhala Haemophilus influenzae. Amene ine ndimamuopa ndi Pseudomonas aeruginosa. Ameneyu amadzikuta m'zoterera ngati ndere, mankhwala osamufika bwino, ndipo amoxicillin samumva n'komwe. Odwala amene ali naye chifuwa chimawabuka pafupipafupi, amagonekedwa m'chipatala kawirikawiri, mapapo awo amafookanso msanga.

N'chifukwa chake makapisozi a pa kantemba sindigwirizana nawo. Inenso ndinkawagulira malume anga, tiwiri titatu chifuwa chikavuta. Ankapezako bwino sabata imodzi, kenako ayambirenso, ndipo tinkangopha tizilombo tofooka n'kusiya touma mutu.

Pitani nawo bambo kuchipatala, mupemphe kuti makhololo apite ku labu akachite culture, kumene ndi kumeretsa mabakiteriya a m'makhololomo, kuti adziwe dzina la bakiteriya ndi mankhwala amene angamuphe. Akajambulidwenso pachifuwa. Makina ojambulira m'kati mwa thupi otchedwa CT ndiwo amaonetsa bwino timachubu totutumukato, ndipo kiliniki ingakutumizeni ku chipatala chachikulu cha UTH. Ena amapatsidwa azithromycin kwa miyezi yambiri, koma zimenezo ndi za dokotala, atatsimikiza kaye kuti mulibe achibale a TB otchedwa NTM.

Kunyumba, bambo amwe madzi okwanira, ndipo m'mawa ndi madzulo agone chammbali, apume mozama, atulutse makhololowo monga adzawaphunzitsira a fiziyo, akatswiri a zolimbitsa thupi a kuchipatala. June ndi July akafika, ndikudziwa kuzizira kwa ku Chawama, koma mbaula ya malasha isalowe m'chipinda chimene bambo amagona.